Msampha Sudziwa Woutchera

Pa mafunso amene anthu oganiza akhala akulimbana nawo, lilipo limodzi limene silikalamba: kodi munthu amene ali ndi cholinga chabwino ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito njira ina iliyonse kuti cholingacho chitheke? Pamene dziko lili pa mtendere funsoli limaoneka lapafupi, pakuti aliyense amayankha msanga kuti choipa ndi choipa basi. Koma limalemera pamene mtundu wa anthu uli pa goli, mdani ali ndi mfuti, ndipo atsogoleri akuona kuti kukambirana kukuwachedwetsa. Pa nthawi yotere, anthu olungama amene amavomera zinthu zimene sakadazivomera pa tsiku lina, nadzitonthoza kuti zidzakonzedwa nkhondo ikatha. Moyo wa a Henry Masauko Chipembere, phungu amene adagwedeza boma la atsamunda asanakwanitse zaka 30, ndi galasi loonerapo funso limeneli.

A Chipembere adabadwa pa 5 Ogasiti 1930. Bambo awo, a Habil Chipembere, adali mtumiki wa mpingo wa Anglican, ndipo banjali limadziwika kwambiri ku Malindi m'boma la Mangochi, lomwe pa nthawiyo linkatchedwa Fort Johnston. Adaphunzira ku Blantyre Secondary School, ku Goromonzi m'dziko la Southern Rhodesia, ndiponso ku koleji ya Fort Hare ku South Africa. Atabwerako adalembedwa ntchito m'boma la atsamunda, koma mtima wawo udali kwina. Mu 1953 Angelezi adaphatikiza Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia m'chitaganya chimene anthu akuda adachikana kotheratu. Mu 1956, pamene anthu akuda adapatsidwa mipando isanu m'nyumba ya malamulo ku Zomba, a Chipembere adasiya ntchito ija nalowa m'nyumbamo pamodzi ndi a Kanyama Chiume. Anyamata awiriwa ankafunsa akuluakulu a boma mafunso okhadzula, opanda mantha, kotero kuti mabuku olembedwamo zokambirana za m'nyumbayo adayamba kugulidwa ndi kuwerengedwa ngati nthano zokoma.

Ngakhale zidali choncho, chipani cha Nyasaland African Congress chidali chofooka. Atsogoleri ake ankakangana okhaokha, ndalama zidali zosowa, ndipo mafumu ndi akuluakulu a m'midzi sakadatsata msanga anyamata a zaka 26. A Chipembere adaona kuti pankafunika munthu wachikulire, wophunzira, amene mtundu wonse ukadamugwadira. Maso awo adagwa pa Dr. Hastings Kamuzu Banda, sing'anga amene adakhala kunja kwa dziko zaka pafupifupi 40. M'makalata amene adawalembera, a Chipembere adafotokoza poyera kuti nkhondo ya ndale siyenda popanda ngwazi yoti anthu aziitamanda, ndipo adawachenjezeratu kuti asadzadabwe akadzalandiridwa ngati mpulumutsi. Mawuwo sadali achinyengo. Adali nzeru ya munthu amene ankafunitsitsa kumasula dziko lake, nafunafuna chida chakuthwa koposa.

Chidacho chidagwiradi ntchito. Dr. Banda adatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958, ndipo mwezi wotsatira adasankhidwa kukhala mtsogoleri wa Congress pa msonkhano wa ku Nkhata Bay, napatsidwa mphamvu yodzisankhira okha owathandiza. A Chipembere adakhala msungichuma. Misonkhano idayamba kusefukira, ndipo pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage adalengeza kuti dziko lili pa ngozi. Anthu oposa 50 adaphedwa, ena oposa 1,000 adatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. A Chipembere adatengedwa kunka ku ndende ya Gwelo ku Southern Rhodesia pamodzi ndi Dr. Banda ndi a Chisiza awiri, Dunduzu ndi Yatuta. Atatuluka mu 1960 sadakhalitse panja, pakuti kuchiyambi kwa 1961 adamangidwanso chifukwa cha zimene adalankhula pa msonkhano, nakhala m'ndende ya Zomba kufikira Januwale 1963. Palibe angakane kuti munthuyu adalipira ufulu wa dziko ndi thupi lake. Chitaganya chidatha pa 31 Disembala 1963, ndipo pa 6 Julayi 1964 dziko la Malawi lidalandira ufulu wodzilamulira.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. M'zaka zomwezo za chipambano, umodzi umene udamangidwa pofuna kugwetsa chitaganya udayamba kusanduka chinthu china. Mu 1960 chipani chatsopano cha Malawi Congress Party chidapatsa Dr. Banda utsogoleri wa chipanicho kwa moyo wawo wonse. Munthu wakuda aliyense woganiza mosiyana ankatchedwa kapirikoni, kutanthauza wogulitsa mtundu, ndipo ena adamenyedwa kapena kuotcheredwa nyumba. Pa chisankho cha 1964 palibe ndi mmodzi yemwe amene adapikisana ndi aphungu 50 a chipanicho, kotero kuti onse adalowa m'nyumba ya malamulo popanda kuponyeredwa voti. A Mboni za Yehova, amene ankakana kulowa ndale, adayamba kuzunzidwa nthawi yomweyo. Zonsezi zidachitika atsogoleri achinyamata aja ali pamipando, ndipo mawu awo pa misonkhano kawirikawiri ankakolezera moto m'malo mouzimitsa. Chenjezo lidalipo, pakuti a Dunduzu Chisiza adalembapo za ngozi ya ulamuliro wa munthu mmodzi m'maiko ongomasuka kumene, koma iwo adafa pa ngozi ya galimoto pa Thondwe mu Sepitembala 1962.

Patangopita masabata asanu ndi awiri ufulu utalandiridwa, nduna zidadandaula kwa Dr. Banda pa zinthu zingapo. Sizidakondwe ndi tiki imene odwala ankayenera kulipira m'zipatala za boma, kuchedwa kopereka maudindo a m'boma kwa Amalawi, ubale ndi Apwitikizi amene ankalamulira Mozambique, ndi chizolowezi cha mtsogoleriyo chogamula zinthu yekha ndi kutchula nduna zake kuti anyamata ake pamaso pa anthu. Pa 7 Sepitembala 1964 Dr. Banda adachotsa a Orton Chirwa, a Kanyama Chiume, a Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo. A Yatuta Chisiza ndi a Willie Chokani adatula pansi maudindo awo. A Chipembere, amene adali nduna ya zamaphunziro, adali ku Canada pa msonkhano. Akadafuna akadasunga mpando wawo, pakuti sadachotsedwe. Koma atafika adasankha kuima ndi anzawo, ndipo pa 9 Sepitembala adalankhula m'nyumba ya malamulo ali pa mpando wa phungu wamba, napempha kuti boma liziyendetsedwa mokambirana.

Pempholo lidali lolungama, koma lidafika nyumba itapsa kale. Aphungu amene ankawamvera adali anthu amene adalowa m'nyumbamo mwa chifuniro cha mtsogoleri, osati mwa mpikisano. Anthu a m'midzi adali ataphunzitsidwa kwa zaka zisanu ndi chimodzi kuti kutsutsa Ngwazi ndi kugulitsa dziko, ndipo aphunzitsi a phunzirolo adali nduna zomwezo. Akuluakulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mtsogoleri adali atakhazikidwa pamwamba pa chipani ndi pa ufulu wa dziko, kotero kuti womuloza chala ankaoneka ngati akufuna kuswa mkhate wa onse. Dzina la kapirikoni, limene dzulo linkaponyedwa kwa ena, tsopano lidasanduka dzina la chigawenga, nkugwera iwo amene.

Khomo la nyumba ya malamulo litatsekeka, a Chipembere adalowa m'tchire. Usiku wa pa 12 Febuluwale 1965 adatsogolera anthu pafupifupi 200 kukalanda boma la Fort Johnston, nauyamba ulendo wa ku Zomba. Atafika pa Liwonde adapeza chombo choolotsera magalimoto pa mtsinje wa Shire chili tsidya lina, ndipo ulendowo udathera pomwepo. Iwo adatha kutuluka m'dziko, koma anthu a m'midzi ya Mangochi adatsala m'manja mwa asilikali ndi a chipani, ndipo mmodzi wa owatsatira, a Medson Silombela, adanyongedwa ku Zomba mu 1966. Njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu. A Chipembere adakhalako ku Tanzania, kenaka ku America kumene ankaphunzitsa, ndipo adamwalira ku Los Angeles pa 24 Sepitembala 1975 ali ndi zaka 45, osaonanso nyanja ya kwawo.

Zoterezi sizidayambire ku Malawi. Mu 1789 anthu a ku France adaukira ulamuliro wa mfumu yawo, Louis XVI, ndipo mmodzi mwa atsogoleri awo adali loya wa mawu ngati bingu, dzina lake Georges Danton. Iyeyu adakhala nduna ya zachilungamo mu Ogasiti 1792, kenaka phungu woimira mzinda wa Paris. Mu Malichi 1793, dziko lake litazingidwa ndi magulu a nkhondo a mafumu oyandikana nalo, Danton adalimbikitsa aphungu anzake kukhazikitsa bwalo lapadera loweruza mofulumira adani a boma latsopano, lopanda mwayi wochita apilo. Chifukwa chake chidali chomveka. Mu Sepitembala 1792 chigulu cha anthu olusa chidapha akaidi oposa 1,000 m'ndende za mu Paris, ndipo iye adaganiza kuti kuli bwino boma lizilanga lokha kusiyana ndi kulekera anthu a mumsewu. Koma bwalolo lidayamba kumeza aphungu amene. Danton ataona kuti magazi achuluka, adayamba kupempha chifundo, ndipo pempholo lidasanduka mlandu wake. Adaimikidwa m'bwalo lomwe lija, sadaloledwe kumaliza kudziteteza, ndipo adadulidwa mutu pa 5 Epulo 1794 ali ndi zaka 34. Maximilien Robespierre, amene adavomereza imfa yake, adaphedwa mwa njira yomweyo pa 28 Julayi chaka chomwecho.

Pakati pa Paris wa 1794 ndi Zomba wa 1964 pali nyanja ndi zaka 170, koma phunziro ndi limodzi: msampha sudziwa woutchera. Mbiri ya Malawi idabwereza phunziroli kangapo. Mabwalo a milandu a m'madera, amene a Orton Chirwa adathandiza kukonza mu 1962 ndi cholinga chabwino, adasinthidwa mu 1969 napatsidwa mphamvu yogamula milandu ya imfa popanda loya woimira woimbidwa mlandu. Bwalo lotere ndilo lidagamula a Chirwa ndi akazi awo, mayi Vera Chirwa, kuti aphedwe mu 1983. Chilangocho chidasinthidwa kukhala ukaidi wa moyo wonse, ndipo a Chirwa adafera m'ndende ya Zomba mu 1992. A Albert Muwalo, amene adali mlembi wamkulu wa chipani ndipo ankaopedwa chifukwa cha anthu ambiri amene adatsekeredwa m'nthawi yawo, adaweruzidwa m'bwalo la mtundu womwewo nanyongedwa mu 1977.

Komatu amene adasenza katundu wolemera koposa sadali nduna ayi. Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, anthu ambiri adadza kudzafuna ntchito nakhazikika ku Kawale, ku Biwi, ku Area 23, ku Area 25, ku Chinsapo ndi ku Mgona. Akuluakulu a m'madera amenewa amakumbukira anyamata a malaya ofiira, amene anthu ankawatcha achiswe, ataima pa chipata cha msika ndi pokwerera basi kufunsa khadi la chipani. Mayi wopanda khadi ankabwerera ndi dengu lake, ndiwo osagula. Anthu amenewa sadalembeko kalata yoitana mpulumutsi, ndiponso sadakhaleko m'nyumba ya malamulo, koma ndiwo adadya zipatso za mtengo umene ena adabzala ndi mtima wabwino. Goli limeneli lidayamba kuthyoka mu 1992, pamene mabishopu a Katolika adatulutsa kalata yawo pa 8 Malichi ndipo a Chakufwa Chihana adagwidwa pa bwalo la ndege la Lilongwe pa 6 Epulo. Pa 14 Juni 1993 Amalawi adasankha ndale za zipani zambiri, ndipo mu Disembala chaka chomwecho anthu a ku Kawale ndi madera oyandikana nawo adamva kulira kwa mfuti pamene asilikali ankalanda zida za Apayoniya. Kumasula mfundo imene idamangidwa m'zaka zisanu ndi chimodzi kudatenga zaka pafupifupi 30.

Wina angatsutse kuti kuweruza a Chipembere motere ndi kupanda chilungamo. Angati munthu wokhala pa mthunzi saona kutentha kwa dzuwa limene mnzake adalimamo. Chitaganya chidali ndi asilikali, ndalama ndi nyuzipepala, pamene Congress idali ndi mawu okha. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo mtundu wogawikana sukadapirira. Popanda mtsogoleri mmodzi womveredwa ndi onse, mwina Nyasaland ikadamezedwa ndi ulamuliro wa azungu ochepa a ku Salisbury, monga momwe anthu a ku Zimbabwe adavutikira kufikira 1980. Mfundo imeneyi ndi yolemera, ndipo siyenera kukankhidwira pambali. Ndi zoona kuti umodzi udafunika, ndiponso ndi zoona kuti palibe munthu amene amaona za mawa monga aonera za dzulo.

Komabe mfundoyi imasokoneza zinthu ziwiri zosiyana. Kugwirizana pa cholinga ndi chinthu china, kuletsa kufunsa ndi chinthu chinanso. Anthu osenza denga amayenda mogwirizana, koma wina akaona dzenje kutsogolo amafuula, ndipo anzake samutcha mdani chifukwa cha kufuulako. Chitaganya chikadatha kugwa ndi mtsogoleri wolemekezedwa, popanda kumupatsa mpando wa moyo wonse, popanda kuotcha nyumba ya wotsutsa, ndiponso popanda kumenya wokana khadi. Zinthu zimenezi sizidawonjezere kanthu pa mphamvu yolimbana ndi atsamunda. Zidangochotsa zotchinga zimene zikadateteza Amalawi kwa Amalawi anzawo tsiku la ufulu litafika.

Kulakwa kwa maganizo akuti cholinga chimayeretsa njira kuli pakuti amayesa njira ngati khasu, limene mlimi amalitsamiritsa pakhoma akamaliza kulima. Njira za ndale sizitero. Zimaphunzitsa anthu makhalidwe, ndipo makhalidwe satha tsiku limene cholinga chakwaniritsidwa. Mnyamata amene waphunzira kuti womenya wotsutsa amayamikiridwa sadzaiwala phunzirolo mbendera yatsopano ikakwezedwa. Adzangofunsa kuti wotsutsa wa lero ndani. Phungu amene wazolowera kuwomba m'manja sadzasanduka wofunsa mafunso m'mawa umodzi. Chimodzimodzinso lamulo lopangira mdani: lilibe maso, silizindikira nkhope ya amene adalilemba, ndipo limatumikira aliyense amene wagwira mpini.

Pamenepa pakutuluka muyeso umene phungu, mtsogoleri kapena nzika iliyonse ingayesere mphamvu imene ikufuna kupereka kwa munthu. Funso loyenera si lakuti, kodi munthuyu ndi wabwino? Funso ndi lakuti, kodi mphamvu yomweyi ikadzakhala m'manja mwa munthu wondida, ndidzagona tulo? Danton akadadziyerekeza ataima m'bwalo limene ankalipempha, akadaumirira kuti woimbidwa mlandu azimvedwa kufikira atamaliza. Nduna za 1964 zikadateteza wotsutsa wa 1960, zikadapeza malo oimapo tsiku limene izo zidasanduka otsutsa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Woteteza ufulu wa munthu amene sagwirizana naye sachita chifundo chabe, koma akumanga nyumba imene iye mwini adzabisalamo mvula.

Kunena zimenezi sikuchotsa ulemu wa a Chipembere. Munthu amene adalowa m'ndende kawiri chifukwa cha dziko lake, natula pansi unduna umene akadatha kuusunga, sangatchedwe wadyera. Msewu waukulu wa mumzinda wa Blantyre umatchedwa ndi dzina lawo, ndipo n'koyenera. Koma kulemekeza munthu koona ndiko kuphunzira pa moyo wake wonse, pamene adaima bwino ndi pamene adapunthwa pomwe. Kungowatamanda osafunsa kanthu kungakhale kubwereza cholakwa chomwe chija chimene chidawapititsa ku Los Angeles. Tsoka lawo likuphunzitsa zambiri chifukwa choti sadali munthu woipa. Oipa akatchera msampha palibe amene amadabwa, koma mtundu umagwa m'dzenje lakuya pamene anthu abwino avomera njira yokhota chifukwa akufulumira kufika pabwino.

Malamulo aakulu a dziko amene adayamba kugwira ntchito mu 1994 adalembedwa ndi anthu okumbukira zilonda zimenezi. Amalamula kuti womangidwa aonekere ku bwalo la milandu pasanathe maola 48, amapatsa munthu aliyense ufulu wolowa chipani chimene afuna, ndipo salola mtsogoleri wa dziko kupitirira zigawo ziwiri zotsatizana za zaka zisanu. Mu Julayi 2002 padabwera ganizo lochotsa malire amenewa, koma lidagwa m'nyumba ya malamulo litaperewera mavoti atatu okha. Kuchepa kwa chiwerengerocho kukusonyeza kuti mpanda wa pa pepala umalimba pokhapokha pali anthu ouchirikiza.

Anthu amenewo sapezeka m'nyumba ya malamulo mokha. Nyengo ya chisankho ikafika, mnyamata wa ku Chinsapo kapena ku Mgona amene alibe ntchito angapatsidwe kandalama kuti akasokoneze msonkhano wa chipani china, nauzidwa kuti akuteteza mtsogoleri wabwino. Wophunzira wosankhidwa kutsogolera anzake pa sukulu angayesedwe kutseka pakamwa womudzudzula, ponena kuti akusunga umodzi. Komiti ya mpingo kapena ya msika ingafune kupatsa wapampando wokondedwa mphamvu zopanda malire, poti ndi munthu wokhulupirika. Onsewa aima pamphambano pomwe adaima a Chipembere polemba makalata aja. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mudzi umene wathamangitsa otsina khutu onse umatsala ndi oimba m'manja okha, amene sadzachenjeza mfumu ngakhale moto utafika pa tsindwi.